Momwe mungalondolere mbiri ya gulu la asilikali a mizinga ikuluikulu: chitsanzo cha 1st Maine Heavy Artillery

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, yomwe inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, asilikali ambiri a mbali ya kumpoto anali anthu wamba odzipereka okha: alimi, ocheka matabwa, asodzi, ogulitsa m'masitolo. Dera lililonse linkasonkhanitsa anyamata ake, kuwapatsa nambala ndi dzina, n'kuwapereka ku boma lalikulu. Ena mwa magulu amenewa ankalembedwa kuti aziyang'anira mizinga ikuluikulu ya m'malinga, ija yosakokeka ndi akavalo pankhondo yothamangitsana. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kulemba mbiri ya gulu lotere, kapena ya msilikali mmodzi wa m'gululo, ali kutali ndi America, m'manja muli kope, cholembera ndi intaneti basi. Ndigwiritsa ntchito gulu limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, 1st Maine Heavy Artillery, chifukwa misampha yambiri imene ofufuza amagweramo ili m'mbiri yake.

Langizo lalikulu ndi ili: musayambe ndi munthu, ndipo musayambe ndi nkhondo yotchuka. Yambani ndi funso lozizira lakuti gululi linali kuti pa tsiku lakuti, pansi pa ndani. Zina zonse zimadzakhala bwino pambuyo pake.

Choyamba: sonkhanitsani maina onse a gululo

Magulu ambiri a mizinga ikuluikulu sanabadwe ndi dzina limenelo. Gulu lathuli linalumbiritsidwa ku Bangor, m'dera la Maine, pa 21 Ogasiti 1862 ngati 18th Maine Infantry, asilikali oyenda pansi, motsogozedwa ndi Kenelo Daniel Chaplin. Dzina la 1st Maine Heavy Artillery linabwera mu Januwale 1863, anthu ake ali kale ku Washington. Mukangofufuza dzina lachiwirili, miyezi yoyambirira yonse imakusowani: makalata, nkhani za m'nyuzipepala, ngakhale maina a amene anamwalira nyengo yachisanu yoyamba.

Si gulu ili lokha. 1st Massachusetts Heavy Artillery poyamba linali 14th Massachusetts Infantry. 2nd Connecticut Heavy Artillery linali 19th Connecticut. 8th New York Heavy Artillery linali 129th New York. Gulu la asilikali achikuda la 14th Rhode Island Heavy Artillery linasinthidwa dzina kawiri m'chaka cha 1864 chokha, mpaka kukhala 11th United States Colored Heavy Artillery.

Tsamba loyamba la kope lanu likhale la maina amenewa, lililonse ndi nthawi imene linagwira ntchito. Lembaninso maina a magulu ofanana nalo amene si lanu. Ku Maine kunali 1st Maine Infantry, 1st Maine Cavalry, ndi timagulu ta mizinga ing'onoing'ono. Onsewa amatulukira limodzi mukafufuza pa intaneti.

Chachiwiri: jambulani ndandanda wa masiku

Pezani buku la Frederick Dyer la mu 1908, A Compendium of the War of the Rebellion. Likupezeka laulere pa Internet Archive ndi HathiTrust. Gulu lililonse la kumpoto lili ndi ndime yake: komwe linakhazikitsidwa, magulu aakulu amene linali pansi pake, kumene linayenda, ndi chiwerengero cha omwalira. Ndime zake n'zouma, koma ndi zimene mukufuna pakadali pano.

Gawani tsamba m'mizere inayi yotsika: tsiku, malo, mtsogoleri wamkulu, chochitika. Kopererani za Dyer mmenemo, mzere umodzi chochitika chimodzi, n'kusiya mipata ikuluikulu. Za 1st Maine zidzaoneka motere: kumapeto kwa Ogasiti 1862, kufika ku Washington, kuteteza mzindawo mpaka pakati pa Meyi 1864, pa 19 Meyi, Harris Farm, pafupi ndi Spotsylvania, kenako North Anna, Totopotomoy, Cold Harbor, pa 18 Juni, Petersburg, mu Ogasiti, Deep Bottom, pa 27 Okutobala, Boydton Plank Road, pa 6 Epulo 1865, Sailor's Creek, pa 9 Epulo, Appomattox (kumene gulu lalikulu la asilikali a kum'mwera linagonja), pa 11 Sepitembala 1865, kumasulidwa ntchito.

Chenjezo laling'ono koma lofunika: Aamerika amayamba ndi mwezi polemba deti. Mukaona 6/3/64, ndi 3 Juni, osati 6 Malichi. Muzilemba mwezi ndi mawu nthawi zonse.

Chenjezo lina: mbiri zamagulu zimene zili patsamba la National Park Service, nthambi ya boma la America yosamalira malo a mbiri ndi a zachilengedwe, zinatengedwa kwa Dyer yemweyo, ndipo masamba ena ambiri anangokopera kumeneko. Masamba asanu akanena chinthu chimodzi, kawirikawiri mboni ndi imodzi.

Chachitatu: musalumphe miyezi ya m'linga

Yang'anani ndandanda wanu. Miyezi yoposa 20 ili pa mzere umodzi, pomwe miyezi 11 yotsatira yadzaza tsamba. Olemba ambiri amathamangira kumene kwadzazako. Ine ndimaona kuti amene sanamvetse mzere umodziwo sangamvetse zimene zinachitika ku Petersburg.

Pofika kumapeto kwa nkhondo, Washington inali itazunguliridwa ndi malinga 68, olumikizidwa ndi ngalande ndi misewu ya asilikali. Malingawa anali adothi ndi mitengo, ndipo ankakumbidwa ndi asilikali omwewo. Anyamata a ku Maine, ambiri ozolowera nkhwangwa kwawo, ankagwetsa mitengo kuti mizinga iziona patali, kukumba, kulondera, ndi kuphunzira ntchito ziwiri: kuombera mizinga ndi kuguba ndi mfuti ngati oyenda pansi. Ankagona m'nyumba, ankadya pa nthawi yake, makalata ochokera kwawo ankafika. Mdani amene ankawapha nthawi imeneyo anali matenda. Pankhondo yonse gululi linataya anthu 260 ndi matenda, ndipo nkofunika kulemba deti la imfa iliyonse yotere kuti muone miyezi imene inali yoopsa.

Apa ndi pomwenso muyenera kumvetsa kukula kwa gululi. Gulu la oyenda pansi linkakhala ndi makampani 10, anthu pafupifupi 1,000 likadzaza. La mizinga ikuluikulu linkaloledwa makampani 12, anthu pafupifupi 1,800, ogawidwa m'mabatalyoni atatu. Pofika 1864, magulu akale a oyenda pansi anali ataphwa ndi nkhondo mpaka ena kutsala ndi anthu 300. Choncho gulu limodzi lochokera m'malinga linkaposa magulu anayi kapena asanu akale kuwaika pamodzi. Sungani mfundo imeneyi. Ikuthandizani pofika pa manambala.

Chachinayi: pezani chimene chinawatulutsa m'linga, ndipo werengani malipoti a nthawi yomweyo

Kumayambiriro kwa Meyi 1864, Jenerale Ulysses Grant, mkulu wa asilikali a kumpoto, anayamba ulendo wankhondo m'dera la Virginia kukalimbana ndi asilikali a kum'mwera otsogozedwa ndi Robert E. Lee. M'masabata awiri oyambirira, ku Wilderness ndi ku Spotsylvania, anataya anthu masauzande ochuluka. Anayang'ana kumbuyo, naona magulu athunthu, onenepa, atakhala m'malinga a Washington. Anawaitanitsa. Mizinga inatsala komweko. Anthu anatenga mfuti n'kuyamba ulendo wapansi. Malinga anatsala opepuka mwakuti mu Julayi chaka chomwecho Jenerale Jubal Early wa kum'mwera anafika ndi asilikali ake mpaka pa Fort Stevens, m'mphepete mwa likulu lenilenilo.

Si magulu onse amene anachita zimenezi. 1st Connecticut Heavy Artillery linapita ku Petersburg ndi mizinga yake, kuphatikizapo mzinga wamtondo wotchuka wotchedwa Dictator. Choncho musaganizire, fufuzani gulu lanu palokha.

Chida chanu apa ndi malipoti a boma a nkhondoyi, amene anasindikizidwa pakati pa 1880 ndi 1901 m'mabuku 128, odziwika mwachidule kuti Official Records. Nawonso ndi aulere pa intaneti. Njira yake ndi iyi. Tengani deti kuchokera pa ndandanda wanu, pezani buku la miyezi imeneyo, ndipo m'kalozera wa kumapeto fufuzani dzina la dera kenako la gulu. Koma musayembekezere kuti gulu lanu linalemba lipoti lake pa nkhondo iliyonse. M'chilimwe cha 1864 atsogoleri ankafa ndi kusinthidwa mofulumira, ndipo malipoti ambiri sanalembedwe. N'chifukwa chake munasiya mzere wa mtsogoleri wamkulu. Fufuzani dzina lake. Pa 19 Meyi, 1st Maine linali pansi pa Jenerale Robert O. Tyler, amene ankatsogolera magulu angapo ochokera m'malinga. Ku Petersburg linali kale m'gulu lalikulu la II Corps, lomwe tsiku limenelo linkatsogoleredwa ndi David Birney chifukwa bala lakale la mtsogoleri wake weniweni, Winfield Hancock, linali litatukusira.

Mukawerenga za pa 19 Meyi mudzaona zotsatira za miyezi ija ya m'linga. Asilikali a Jenerale Richard Ewell wa kum'mwera anatulukira pafupi ndi msewu wa ku Fredericksburg, ndipo magulu atsopanowa anawaimitsa. Anaima njo m'mizere yoongoka monga anaphunzirira pa bwalo, pomwe asilikali akale akanagona pansi kapena kubisala kumitengo. Anapambana, koma 1st Maine lokha linataya anthu oposa 470, ophedwa ndi ovulala, masana amodzi.

Patatha mwezi, pa 18 Juni madzulo, linalamulidwa kuthamangira malinga a adani kum'mawa kwa Petersburg, pafupi ndi nyumba ya banja la Hare. Anthu pafupifupi 900 anatuluka mumsewu wolowa pansi m'mizere itatu, kudutsa pamunda wopanda pobisala, mtunda wa mamita pafupifupi 300. Magulu akale amene anayenera kuwatsatira anali ataona kale zimene zimachitika pamalo otere, ndipo sanapite. Mfuti ndi mizinga yonse ya mbali ina inalunjika pa gulu limodzi. Pasanathe mphindi zoposa 10, anthu oposa 600 anali pansi. Palibe gulu lina la kumpoto limene linataya anthu ochuluka chotero pa nkhondo imodzi.

Werenganinso malipoti a magulu oyandikana nalo, ndi a adani ngati alipo. Tsegulani mapu pambali. Malowa lero ali mkati mwa Petersburg National Battlefield, pafupi ndi pamene pambuyo pake panamangidwa Fort Stedman.

Chachisanu: manambala muwagwire mosamala

Apa ndi pamene zolemba zambiri zimagwera. Za pa 18 Juni mudzapeza nambala ya 632 m'mabuku ambiri, koma chipilala chimene chili pamalopo chimati 604. Musasankhe imene ikumveka yaikulu. Lembani zonse ziwiri, iliyonse ndi kumene yachokera, ndipo funsani kuti akuwerenga chiyani: ophedwa okha, ovulala, osowa, kapena onse pamodzi, tsiku limodzi kapena masiku angapo.

Mawu achingerezi akuti casualties satanthauza akufa okha. Amaphatikiza ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa. Mukalemba kuti anthu 632 anafa, mwanama. William Fox, m'buku lake la mu 1889 la Regimental Losses in the American Civil War, anawerenga kuti ophedwa pomwepo ndi omwe anadzamwalira ndi mabala a tsiku limenelo anali 210. Nambala imeneyi nayo sinadziwike tsiku lomwelo, chifukwa munthu wolembedwa kuti wavulala mu Juni ankatha kumwalira m'chipatala ku Washington mu Julayi kapena Ogasiti. Lipoti lolembedwa mawa lake ndi buku lolembedwa patapita zaka 25 angathe kusiyana onse ali oona.

Pankhondo yonse gululi linataya anthu 423 ophedwa kapena omwalira ndi mabala, mwa iwo akuluakulu 23. Pamodzi ndi 260 a matenda aja, onse ndi 683. Pa chiwerengero cha ophedwa palibe gulu la kumpoto loliposa. Lachiwiri ndi 8th New York Heavy Artillery, lokhala ndi 361. Koma kumbukirani kukula kuja. Mukawerenga pa anthu 100 alionse olembedwa, Fox anaika 2nd Wisconsin, gulu laling'ono la oyenda pansi, pamwamba pang'ono: 19.7 pa 100, pomwe 1st Maine ndi 19.2. Mukamalemba kuti "loposa onse", nenani kuti pa muyeso uti. Chimene chimadabwitsa pa 1st Maine ndi kufupika kwa nthawi: anthu oposa 1,000 ophedwa ndi ovulala pa masiku awiri okha, otalikirana mwezi umodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: tsikirani ku kampani

Msilikali ankakhala moyo wake m'kampani, pakati pa anthu a m'tauni yake kapena yoyandikana. Makampani ankatchedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka M, kulumpha J. M'malinga makampani ankamwazikana, ena linga ili ena linga lina, choncho "gulu linali pakuti" sizitanthauza kuti munthu wanu anali pomwepo.

National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma la America, ili ndi mafilimu a zikalata olembedwa M594, momwe anakoperamo zimene kalaliki wa kampani iliyonse ankalemba za maulendo ndi zochitika. Malipoti apachaka a Adjutant General wa dera, mkulu wosunga makaundula a asilikali, nawo amalemba maina kampani ndi kampani, ndi zaka, tauni, ndi ndemanga yaifupi. A ku Maine alipo pa intaneti, ndipo zikalata zenizeni zimasungidwa ku Maine State Archives ku Augusta.

Misampha iwiri pa gulu lathuli. Chilembo M chinagwiritsidwa ntchito kawiri: mu 1863 kagulu ka 3rd Maine Battery kanaphatikizidwa ngati kampani M, ndipo kumayambiriro kwa 1864 kanachotsedwa, pakukhazikitsidwa kampani M ina. Msampha wachiwiri ndi waukulu. Nkhondo itatha, mu 1865, magulu a 17th Maine ndi 19th Maine atamasulidwa, anthu awo amene nthawi yawo inali isanathe anasamutsidwira ku 1st Maine Heavy Artillery. Dzina la munthu wotere lili m'kaundula wa gululi, mwinanso pa mwala wa manda ake, koma pa 18 Juni 1864 sanali m'gululi. Deti lolowera m'gulu ndiye chinthu choyamba kuchiona.

Chachisanu ndi chiwiri: tsopano funani munthu

Yambani ndi kaundula waulere wa National Park Service wotchedwa Soldiers and Sailors Database. Amangokupatsani dzina, gulu, kampani ndi udindo, koma zimenezo n'zokwanira kutsegula makomo ena. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzinalo, chifukwa akalaliki ankalemba zimene amva.

Kenako pali chikalata chotchedwa Compiled Military Service Record. Ndi envulopu ya timakadi timene akalaliki a boma anakopera kuchokera m'makaundula akale patapita zaka nkhondo itatha. Asilikali ankaitanidwa maina pa kaundula wamalipiro miyezi iwiri iliyonse, choncho kadi lililonse limanena za miyezi iwiri: analipo kapena panalibe, ndi ndemanga pansi. Ndemangazo ndiye mbiri. Mudzaona zinthu monga wadwala ali m'chipatala, watumidwa kukayendetsa ngolo, wavulala pa deti lakuti, adulidwe malipiro chifukwa wataya botolo la madzi. Ikani makadiwo pambali pa ndandanda wanu wa masiku, mzere ndi mzere. Kadi la Meyi ndi Juni 1864 likati munthu anavulala pa 19 Meyi ndipo ali m'chipatala, ndiye kuti ku Petersburg sanafike, ngakhale adzukulu ake akhala akusimba kuti anathamanga nawo pamunda uja. Makadi a madera ena anajambulidwa ndipo ali pa Fold3, tsamba lolipira. Ena muyenera kuitanitsa ku National Archives ndi fomu ya NATF 86.

Chuma chenicheni chili m'mafayilo a penshoni, oitanitsidwa ndi fomu ya NATF 85. Kuti alandire ndalama, msilikali kapena mkazi wake wamasiye, nthawi zina mayi ake, ankayenera kupereka umboni: malipoti a madokotala okhala ndi chojambula cha thupi chosonyeza pomwe chipolopolo chinalowa ndi kutulukira, malumbiro a anzake a m'kampani, zikalata za ukwati, ngakhale makalata amene mnyamatayo ankalembera kwawo. Lamulo la mu 1890 litafewetsa zofunika, ambiri amene anali asanapemphe anapempha. Pali akalozera awiri: T288 wotsata maina, ndi T289 wotsata gulu ndi kampani. Wachiwiriyu ndi wothandiza kwambiri kwa wolemba mbiri ya gulu, chifukwa amakuonetsani kampani yonse pamodzi. Mafayilowa amafuna ndalama ndi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kumbukiraninso kuti wolemba malumbirowo ankafuna penshoni, ndipo anzake ankafuna kumuthandiza.

Zotsala mungazidutse msanga. Kalembera wapadera wa asilikali akale wa mu 1890 anatayika kwa madera ambiri oyamba ndi zilembo zoyambirira, koma wa Maine alipo. Nyuzipepala zakale zili zaulere pa Chronicling America, ndipo za kwawo kwa gulu, monga Bangor Daily Whig and Courier, zinkasindikiza maina a ovulala nkhondo ikangotha kumenyedwa, ngakhale ndi zolakwika zambiri. Munthu akasowa m'kaundula pakati pa nkhondo, muyang'aneni m'malo atatu: Veteran Reserve Corps, komwe ankatumiza olumala, m'ndandanda wa akaidi monga a ku Andersonville, ndi m'manda a boma monga City Point, Poplar Grove ndi Arlington.

Chachisanu ndi chitatu: buku la eni ake muliwerenge pomaliza

Magulu ambiri anadzalemba mabuku awo. La 1st Maine Heavy Artillery linatuluka mu 1903, lolembedwa ndi Horace Shaw ndi Charles House, omwe anali m'gululo. Lili ndi maina, zithunzi ndi zokumbukira zimene simungazipeze kwina. Koma linalembedwa ndi nkhalamba zokonda gulu lawo, patapita zaka pafupifupi 40. Mabuku amtunduwu sanena zambiri za othawa, oledzera kapena atsogoleri olephera, ndipo amakonda kuloza chala magulu ena. Mukaliwerenga poyamba, lidzakukokerani kumene likufuna. Mukaliwerenga ndandanda wanu utadzaza kale, mudzadziwa pomwe likuwonjezera zoona ndi pomwe likukometsa.

Polemba

Tsatirani ndandanda wa masiku, ndipo miyezi ya m'linga muipatse malo ake. Pa mfundo iliyonse dziwani ngati yachokera ku chikalata cha nthawi yomweyo kapena ku zokumbukira za pambuyo. Atsogoleri muziwalemba ndi nthawi yawo: Chaplin anavulazidwa ku Deep Bottom pa 17 Ogasiti 1864 n'kumwalira patapita masiku atatu, ndipo Russell Shepherd ndiye anatsogolera gululi kuyambira pamenepo. Musatsekere mbiri pa Appomattox. Gululi linaguba nawo pa chionetsero chachikulu ku Washington pa 23 Meyi 1865, linabwezedwa kukalondera malinga a mzindawo m'miyezi yotsatira, ndipo makaundula ake amapitirira mpaka 11 Sepitembala 1865. Makadi a miyezi imeneyo muwawerenge monga munawerengera ena aja, chifukwa mmenemo mulinso odwala, omasulidwa msanga ndi obwera kuchokera ku magulu ena.